Chenjezo: Mawu Oti "Kafukufuku Wapeza" Asatitseke Pakamwa

Pali mawu awiri amene masiku ano akuthetsa mtsutso uliwonse: "kafukufuku wapeza". M'mawa muwamva pa wailesi, masana muwawerenga m'nyuzipepala, pofika madzulo alamu anu awatumiza kale pa WhatsApp. Kumisonkhano ya kunyanja kuja, mkulu wa bungwe akangowatchula uku akuloza manambala pakhoma, holo yonse imangogwedeza mitu n'kumadikira nthawi ya tiyi. Palibe wokweza dzanja kufunsa kuti anafufuza ndani, anafunsa anthu angati, anthuwo ndi a kuti, nanga alipo wina anabwereza ntchitoyo n'kupeza zomwezo.

Ulemu umenewu watipitirira, ndipo utipweteka. Pa zaka zaposachedwapa, akatswiri a maphunziro a kaganizidwe ka anthu, a zachuma, a zamalonda ndi a kakhalidwe ka anthu akhala akuvundukulana okhaokha, ndipo zimene apeza n'zochititsa manyazi. Zina mwa mfundo zotchuka zimene zinalowa m'mabuku, m'makalasi ndi m'ndondomeko za maboma zapezeka kuti zinali zolakwika, zina zokokomeza, zina zopeka ndithu. Eniake kunjako anayamba kale kusesa m'nyumba mwawo. Ife kuno tikadameza chilichonse chobwera ndi dzina la yunivesite yaikulu. Safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi nkhani ya zachuma, popeza imeneyi imafika mpaka mu mphika wa munthu wamba. Mu 2010 akatswiri awiri otchuka a ku America, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa pepala lonena za ngongole za maboma. Ananena kuti ngongole ya boma ikadutsa 90 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pa chaka, chumacho chimasiya kukula, ndipo pa avereji chimabwerera m'mbuyo ndi 0.1 peresenti. Nambala ya 90 ija inayenda ngati moto wa m'tchire. Inali nthawi imene maiko a ku Ulaya ndi America anali kulimbana ndi mavuto a zachuma amene anayamba mu 2008, ndipo andale ofuna kudula bajeti anaipeza pabwino. George Osborne, amene anali nduna ya zachuma ku Britain, Olli Rehn wa ku European Commission ndi Paul Ryan wa m'nyumba ya malamulo ya ku America onse anatchulapo za kafukufukuyu poikira kumbuyo zodula ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito.

Amene anaona chilema anali mwana wa sukulu. Thomas Herndon, wophunzira pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst, anapatsidwa ntchito ya m'kalasi yoti asankhe pepala lotchuka n'kuwerengetseranso manambala ake. Anayesa kambirimbiri, manambala osagwirizana. Aphunzitsi ake, Michael Ash ndi Robert Pollin, poyamba ankaganiza kuti wolakwa ndi iyeyo. Pomaliza anapempha eni pepala kuti amutumizire tebulo lawo la mu Excel, ndipo atalitsegula anaona kuti powonkhetsa mzere wina, dzanja linalekezera panjira. Maiko asanu, Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark, anatsala kunja kwa masamuwo. Panalinso zaka zina zimene zinasiyidwa ndi kawerengetsedwe kena kokayikitsa. Atakonza zonsezi mu 2013, nambala ija inachoka pa kubwerera m'mbuyo ndi 0.1 peresenti n'kufika pa kukula ndi 2.2 peresenti. Reinhart ndi Rogoff anavomera cholakwa cha mu Excel, ngakhale anaumirira kuti ngongole yaikulu imayendabe limodzi ndi chuma chokula pang'onopang'ono.

Musatimve molakwa. Sitikunena kuti ngongole ndi yabwino. Amalawi safunika pulofesa kuti awauze kulemera kwake. Tikunena kuti phompho lenileni la pa 90 peresenti, limene nduna zinkaloza poopseza anthu, linali losaoneka manambala atawerengedwa bwino, ndipo panatha zaka zitatu wina asanatsegule tebulolo. M'zaka zitatu zimenezo bajeti zinadulidwa, anthu anachotsedwa ntchito. Pepani sapoletsa chilonda.

Uko kunali kulakwitsa. Kulinso kuba kwenikweni. Diederik Stapel anali pulofesa wolemekezeka pa yunivesite ya Tilburg ku Netherlands, mkulu wa gawo lonse la maphunziro a kakhalidwe ka anthu. Zopeza zake zinali zokoma kuzimva, atolankhani ankazikonda. Ananena kuti anthu oganiza za nyama yakudya amakhala odzikonda. Mu 2011 magazini yaikulu ya Science inasindikiza pepala lake lonena kuti pamalo pakakhala pauve anthu amasankhana mitundu kwambiri, ati anaziona pa siteshoni ya sitima ya ku Utrecht pamene osesa anali pa sitalaka. Zoona zake n'zakuti kafukufukuyo sanachitike. Munthuyu ankakhala pansi kunyumba kwake, n'kumalemba yekha manambala amene akanasangalatsa akonzi a magazini. Ophunzira ake ankawauza kuti asavutike, iye ali ndi anzake m'masukulu amene amusonkhanitsira mayankho, ndipo ankawabweretsera manambala ophikaphika kale.

Anamuulula ndi achinyamata atatu a m'dipatimenti yake momwemo, amene anaona kuti manambala a bwana ngosalala mopitirira muyeso. Anaimitsidwa ntchito mu 2011. Makomiti ofufuza anapeza chinyengo m'mapepala 55, ndipo mapepala ake amene magazini anawachotsa anafika 58. Digiri yake ya udokotala anaibweza ku yunivesite ya Amsterdam. Koma taganizirani za ana a eni amene analemba madigiri awo pa manambala abodzawo, osadziwa kanthu. Taganiziraninso kuti kwa zaka zambiri akatswiri anzake, akonzi ndi owerenga ankangoombera m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

A zamalonda nawo asaseke. Mu 2012 akatswiri asanu, mwa iwo Francesca Gino wa ku Harvard Business School ndi Dan Ariely wa ku yunivesite ya Duke, anatulutsa pepala lonena za kukhulupirika. Mfundo yake inali yosavuta: munthu akasainira fomu pamwamba, asanayambe kuyankha, amanama pang'ono kusiyana ndi wosainira pansi atamaliza. Maofesi a misonkho ndi makampani a inshulansi anaikonda nkhaniyi, poti inkalonjeza kuchepetsa bodza popanda kuwononga ndalama. Mu 2020 eni ake omwewo pamodzi ndi anzawo ena anabwereza kafukufukuyo pa anthu ambiri, osapeza kanthu. Mu 2021 akatswiri atatu a gulu la Data Colada, Uri Simonsohn, Leif Nelson ndi Joe Simmons, anaonetsa zimene zinali m'manambala a makasitomala oposa 13,000 a kampani ya inshulansi ya galimoto amene pepalalo linatsamira. Mitunda imene galimoto zinayenda inali yogawika mofanana ndendende kuyambira pa 0 mpaka mamailosi 50,000, n'kuthera pomwepo ngati wadula ndi mpeni. Aliyense amene anakhalapo pa siteji ya minibasi akudziwa kuti galimoto siziyenda choncho: zambiri zimayenda mtunda wapakatikati, zochepa n'zimene zimangokhala kapena kuyenda mopitirira. Ndiponso theka la mizere linali lolembedwa ndi zilembo za mtundu wina, ndipo mizere imeneyo inali mapasa a mizere inzake, atangowonjezerapo timanambala pang'ono. Pepala lophunzitsa anthu kukhulupirika linachotsedwa chifukwa cha manambala opeka. Ariely amakana kuti si iye anapeka. Mu 2023 gulu lomwelo linalozanso zokayikitsa m'mapepala anayi a Gino. Harvard inafufuza, inamuimitsa ntchito, ndipo mu 2025 inamulanda udindo wake wokhazikika. Iyenso anakana mlanduwo.

Wina anganene kuti amenewa ndi akuba ochepa chabe, nsomba zowola ziwiri zitatu m'dengu lalikulu. Zikanakhala choncho bwenzi tikugona tulo. Vuto lalikulu lili pa akatswiri oona mtima amene amadzinamiza okha. Mu 2015 gulu la akatswiri pafupifupi 270, lotsogozedwa ndi Brian Nosek wa ku yunivesite ya Virginia, linabwereza mosamala makafukufuku 100 a kaganizidwe ka anthu amene anatuluka m'magazini atatu olemekezeka mu 2008. Poyamba 97 mwa iwo ananena kuti apeza kanthu. Atabwerezedwa, amene anapezanso kanthu anali pafupifupi 36 pa 100. Chaka chotsatira a zachuma anayesa zomwezo pa makafukufuku awo 18, ndipo amene anaimabe anali 11.

Zimatheka bwanji popanda wakuba? Katswiri sakwezedwa pantchito ngati satulutsa mapepala. Magazini safuna pepala lonena kuti "tinayesa, sitinapeze kanthu", amafuna chodabwitsa. Tsono munthu amafunsa anthu ochepa, n'kumatembenuza manambala uku ndi uku: achotseko amene ayankha zachilendo, ayese amuna okha, ayese akazi okha, ayese achinyamata, mpaka penapake patuluke kanthu. Kotulukako n'komwe amalemba, maulendo khumi olephera aja n'kuwatsekera m'kabati. Zili ngati msodzi woponya ukonde kakhumi, n'kugwira chambo chimodzi, kenaka n'kumauza mudzi wonse kuti malo amenewo nsomba n'zosayamba.

Chitsanzo chake ambiri munachionapo pa foni. Mu 2010 kunatuluka kafukufuku wonena kuti ukaima mwamphamvu kwa mphindi ziwiri, chifuwa patsogolo, thupi limasintha timadzi take ta m'magazi ndipo umalimba mtima. Anayesa anthu 42 okha. Amy Cuddy, mmodzi wa eni pepalalo, analankhula za nkhaniyi pa msonkhano wa TED ndipo anthu mamiliyoni ambirimbiri anaonera. Mu 2015 ena anabwereza pa anthu 200, osapeza kusintha kulikonse m'magazi, ngakhale anthuwo ankanena kuti akudzimva amphamvu. Mu 2016 Dana Carney, amene dzina lake linali loyamba pa pepalalo, analengeza poyera kuti sakhulupiriranso zimene anapezazo. Koma pitani ku maphunziro a utsogoleri, mukapezabe mphunzitsi akuimitsa anthu ngati asilikali, ati sayansi inatsimikiza. Bodza likatuluka limakwera ndege, chikonzero chake chimabwera pa njinga ya kabaza.

Ngakhale kafukufuku atachitika bwino, funso lina likadalipo: anafufuza pa anthu ati? Jeffrey Arnett atawerenga magazini akuluakulu a kaganizidwe ka anthu mu 2008, anapeza kuti anthu 68 pa 100 alionse ofufuzidwa anali a ku America. Joseph Henrich ndi anzake awiri anakumbutsa mu 2010 kuti 96 pa 100 anali ochokera m'maiko olemera a azungu, amene ali ndi anthu 12 okha pa 100 alionse a pa dziko lapansi, ndipo ambiri mwa iwo anali ophunzira a m'mayunivesite. Choncho mukamva kuti "anthu amaganiza chonchi pa nkhani ya ndalama", dziwani kuti kawirikawiri "anthu" amenewo ndi achinyamata a pa koleji ina ku America. Mayi wa geni ya tomato ku Lizulu, amene phindu lake limadikiridwa ndi maliro, fizi ya mwana wa mchemwali wake ndi gulu la banki m'khonde, sanafunsidwe. Kutenga mfundo yotere n'kuibzala kuno osaiyesa kaye ndi kubzala mbewu ya kudera lozizira ku Nsanje.

Tisaloze kunja kokha ayi. Kwathu kuno makafukufuku ngambiri, ndipo m'midzi ina anthu anazolowera kuona galimoto ikutsitsa anyamata ndi atsikana onyamula mafomu kapena matabuleti. Crystal Biruk, amene anayenda ndi magulu otere ku Malawi, analemba buku lotchedwa Cooking Data mu 2018, mutu wake wochokera pa mawu amene a ntchitoyi amanena okha: kuphika data. Amene anagwirapo ganyu imeneyi akudziwa mmene zimakhalira. Dzuwa likuswa mtengo, nyumba zatsala zinayi, mwini nyumba ali kudimba kutsidya kwa mtsinje, supavaiza akufuna mafomu okwana pofika madzulo, malipiro ndi a pa tsiku. Mtengo wa mango uli apo, mthunzi wake wabwino. Munthu wofooka mtima amakhala pansi n'kuyankha yekha mafunso onse. Nayenso woyankha ali ndi nzeru zake. Akaganiza kuti kalemberayu ndi wa chithandizo, mbuzi zimasanduka za achimwene, chimanga cha m'nkhokwe chimatha. Akatopa ndi mafunso a maola awiri amene mphotho yake ndi sopo, amangovomera chilichonse kuti mlendo anyamuke. Mayankho amenewo akafika mu kompyuta ku Lilongwe kapena kunja, amasanduka maperesenti aukhondo, ndipo palibenso angadziwe kuti anabadwira pansi pa mango. Magulu osamala amabwereranso kukafunsa nyumba zina kachiwiri kuti agwire zoterezi. Funsani ngati amene akukupatsani lipoti anachita zimenezo.

Msampha wina watchera aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite athu. Pa intaneti padzaza magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola walipira madola. Amatumiza imelo yokutamandani, n'kulonjeza kuti pepala lituluka m'masiku ochepa. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon analemba dala pepala lodzaza ndi zolakwika zoonekeratu, n'kuikapo maina opeka a akatswiri ndi masukulu a mu Africa amene kulibe, n'kulitumiza ku magazini 304. Magazini 157 analilandira. Mphunzitsi amene akwezedwa pantchito ndi mapepala otere ndiye mawa adzayang'anira ophunzira a masitazi, ndipo wophunzira amene wagula disetesheni yolembedwa ndi wina ndiye mawa adzalangize unduna. Tikamalekerera, tikudzikumbira tokha dzenje.

Tsono titaye kafukufuku yense? Ayi ndithu. Onse amene tawatchula kuti analakwa anagwidwa ndi ofufuza anzawo, ndipo mankhwala a kafukufuku woipa ndi kafukufuku wabwino. Chitsanzo chili pakhomo pompano. Mu 2008 ndi 2009 m'boma la Zomba, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Madera anasankhidwa mwa maere: ena analandira pokhapokha mtsikana akamapita ku sukulu, ena analandira popanda lamulo lililonse, ena sanalandire. Zotsatira zoyamba zinali zosangalatsa. Ndalama za lamulo zinathandiza atsikana kukhalabe pa sukulu, ndipo zopanda lamulo zinachepetsa mimba ndi maukwati a ana. Akanakhala ena akanalekera pomwepo n'kumadya kutchuka. Iwowa anabwereranso patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, ndipo analemba mosabisa kuti zabwino zambiri za gulu lopanda lamulo lija zinali zitazilala, ngakhale ana obadwa kwa atsikanawo nthawi ya ndalama anali okula bwino, ndipo atsikana amene anabwerera ku sukulu chifukwa cha ndalama za lamulo anapindula mokhalitsa. Ofufuza enieni amatero: amabwerera, amanena ndi zosakoma zomwe. N'chimodzimodzi ndi ngongole zing'onozing'ono zimene zinatamandidwa kwambiri Muhammad Yunus atalandira mphotho ya Nobel mu 2006. Makafukufuku asanu ndi limodzi a m'maiko monga Ethiopia, India ndi Morocco, amene anatuluka pamodzi mu 2015, anapeza kuti ngongolezi zimathandizako ena pa bizinesi, koma sizinatulutse mabanja ambiri mu umphawi monga ankalalikira.

Choncho kwa inu atolankhani anzathu, lekani kukopera chikalata cha bungwe n'kuchitcha nkhani. Pemphani lipoti lonse. Onani kuti anafunsa anthu angati, anawasankha bwanji, ndalama anapereka ndani, ndipo wopereka ndalamayo apindula chiyani ndi zotsatirazo. Imbirani katswiri wina amene sanali nawo, kaya wa ku Centre for Social Research ku Zomba kapena wa ku National Statistical Office, akuuzeni maganizo ake musanasindikize.

Inu a boma, aphungu ndi a mabungwe, musamange ndondomeko ya dziko lonse pa pepala limodzi, ngakhale litachokera ku yunivesite ya dzina lotani. Yesani kaye m'maboma ochepa, ndipo amene akuyesa asakhale yemweyo amene akudya nawo polojekitiyo. Kafukufuku aliyense wolipiridwa ndi ndalama za anthu aziika manambala ake poyera, maina a oyankha atachotsedwa, kuti Herndon wathu wa ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda athe kuwatsegula.

Inu akuluakulu a mayunivesite, pokweza munthu werengani mapepala ake, musangowawerenga kuchuluka. Tetezani wophunzira amene wabwera kudzanena kuti manambala a bwana sakumveka, poti ku Tilburg anapulumutsa sukulu ndi ana otere. Inu ophunzira, kulemba kuti simunapeze kanthu si kulephera. Kulephera ndi kuphika.

Ndipo inu amayi ndi abambo amene mumafikiridwa pakhomo ndi a mafomu, muli ndi ufulu wofunsa kuti achokera kuti, atumidwa ndi yani, mayankho anu apita kuti, ndiponso ngati ali ndi kalata ya chilolezo yochokera ku komiti yoona za kafukufuku, monga ya ku National Commission for Science and Technology kapena ya ku yunivesite. Muli ndi ufulu wokana, ndipo palibe angakulandeni chithandizo chifukwa chokana. Koma mukavomera, nenani zoona, chifukwa bodza la pakhonde panu likhoza kudzabwerera ngati chipatala chomangidwa kumene kulibe anthu kapena feteleza wopita kumene sakufunika.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Mawa mukamvanso kuti "kafukufuku wapeza", musafulumire kugwedeza mutu kapena kutumiza uthengawo ku gulu la banja. Funsani kuti wapeza ndani, pa anthu angati, a kuti, ndipo wabwereza ndani. Wokuuzaniyo akasowa yankho, sungani ndalama zanu, voti yanu ndi mwana wanu kufikira yankholo litapezeka.